Kodi kuba kumayenda m'magazi, kapena mwanayu akungosowa mkwapulo?

FUNSO: Ndikulera mwana wa malemu mng'ono wanga, mnyamata wa zaka 13. Bambo ake anamangidwapo kawiri pa milandu yakuba ndipo panopa sitikudziwa kumene ali. Mwezi watha mnyamatayu anasolola K10,000 m'kachikwama kamene ndimasungiramo ndalama za geni yanga ya tomato, ndipo aka n'kachiwiri. Achibale akuti ndisadzivutitse, amenewo ndi magazi a bambo ake, ndingomutumiza kumudzi kwa agogo ake. Amuna anga akuti zamagazizo n'zabodza, mwanayu akungosowa mkwapulo woti akamaukumbukira azinjenjemera. Ine ndili pakati. Inu amene munaphunzira za anthu opalamula milandu mumati bwanji? Mayi wodandaula, Lilongwe.

YANKHO: Mayi, pepani chifukwa cha imfa ya mng'ono wanu, ndipo mwachita bwino kufunsa musanamulongedzere mwanayu zovala. Mkangano umene wabuka m'nyumba mwanuwo ndi wakale kwambiri. Unayambira ku Italy, ndipo zinangochitika kuti atsogoleri a mbali ziwirizo onse dzina lawo loyamba linali Cesare. Amuna anu ali kumbali ya Cesare Beccaria, ngakhale kuti mwiniwakeyo akanamva za mkwapulo wonjenjemeretsawo akanapukusa mutu. Achibale anu ali kumbali ya Cesare Lombroso, amene anabwera patatha zaka pafupifupi 100. Ndiyamba ndi amuna anu poti ndiwo agwira ndodo.

Beccaria anabadwa mu 1738 ku Milan, nthawi imene zilango za ku Ulaya zinali zoti munthu sungazionere kawiri. Mu 1757 munthu wina dzina lake Damiens anabaya mfumu ya France, Louis XV, ndi kampeni. Mfumuyo inangovulala pang'ono. Koma Damiens anamutengera pabwalo mumzinda wa Paris, khamu likuonerera, n'kumuthira mafuta owira ndi mtovu wosungunula m'mabala, kenako n'kumumangirira ku akavalo kuti amukhadzule. Mu 1762 ku Toulouse anathyola mafupa a wamalonda wina wachikulire, Jean Calas, pomuganizira kuti anapha mwana wake. Patatha zaka zitatu akuluakulu anavomereza kuti analibe mlandu, mwiniwake atafa kale. Ku England, pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, milandu yoposa 200 chilango chake chinali chingwe, kuphatikizapo kuba katundu wa mashilingi asanu m'sitolo. Zikanakhala kuti chilango choopsa ndiwo mankhwala a umbava, bwenzi mayiko amenewa atatsala opanda mbava ndi imodzi yomwe.

Mu 1764, ali ndi zaka 26, Beccaria anatulutsa kabuku kakang'ono kotchedwa Dei delitti e delle pene, kutanthauza za milandu ndi zilango. Sanalembepo dzina lake poopa zimene zingamugwere, ndipo mu 1766 Tchalitchi cha Katolika chinakaika pa mndandanda wa mabuku oletsedwa. Mfundo yake inali yakuti munthu sapalamula chifukwa chogwidwa ndi chiwanda kapena chifukwa chobadwa woipa. Ali ndi nzeru zake, amayeza chimene apindule ndi chimene chimuwawe, kenako amasankha. Mngelezi wina, Jeremy Bentham, anaikulitsa mfundoyi mu 1789 ponena kuti anthu tonse timalamuliridwa ndi mabwana awiri, kukoma ndi kuwawa. Kufika pamenepa amuna anu akugwedeza mutu movomereza: mwana anasankha kuba, ndiye kuwawa kupose kukoma kwa K10,000.

Koma Beccaria sanalekere pamenepo. Iye anati chimene chimaletsa munthu si kukula kwa chilango ayi, koma kudziwa kuti sachizemba. Chilango chochepa chimene chimabwera nthawi zonse chimaluma mumtima kuposa chilango choopsa chimene munthu akuyembekeza kuti mwina achithawa. Chiyeneranso kubwera msanga, kuti m'maganizo a wolakwayo mlandu ndi chilango zimangirirane pamodzi. Ndipo chilingane ndi mlandu. Ganizani za mudzi umene wakuba mbuzi ndi wakupha munthu onse amanyongedwa. Mbava ikapezedwa m'khola ndi mwini mbuzi, n'chiyani chingailetse kumupha kuti pasakhale mboni? Ankatsutsanso zozunza munthu kuti aulule. Ankati njira imeneyo imamasula wolakwa wamphamvu n'kupachika wosalakwa wofooka, ndipo anaiyerekeza ndi zakale zoyesa mlandu ndi moto kapena madzi owira. Ife amene makolo athu ankamwetsana mwavi tikudziwa kuti chimene chinkayesedwa pamenepo ndi mimba ya munthu, osati choonadi. Kabuku kameneka kanayenda mtunda. Mu 1786 dera la Tuscany, pansi pa wolamulira wake Pietro Leopoldo, linathetsa chilango cha imfa ndi kuzunza oimbidwa milandu.

Pali chinthu china chimene chinkachitika m'makhoti a ku England chimene ndikufuna muchione bwino, chifukwa ndikukayika ngati sichinayambe kale kwanuko. Kuba katundu wa mashilingi 40 m'nyumba ya munthu chilango chake chinali imfa. Anthu wamba oikidwa kuti agamule mlandu akaona kamtsikana kantchito kakunjenjemera pamaso pawo, ankalumbira monama kuti katunduyo anali wa mashilingi 39. Ena oberedwa sankapita n'komwe kukhoti, posafuna magazi a munthu pamutu pawo. Chilango chikakula mopitirira, anthu amayamba kuchibisira wolakwa. Inu nomwe, Mayi, amuna anu akamumenya mwanayu mpaka kutupa, tsiku limene adzatengenso K500 mudzawauza? Simudzawauza. Mudzangoti mwina ndinawerenga molakwika. Pamenepo mwana adzakhala ataphunzira kuti kuba kanayi mwa kasanu kulibe chotsatira, ndipo kachisanuko n'tsoka chabe.

Mfundo ya Beccaria yayesedwa, ndipo mbali yake yaikulu yapirira. Mu 1944 asilikali a Germany amene analanda dziko la Denmark anamanga apolisi a dzikolo. Malamulo ndi zilango zinalipobe m'mabuku, koma poti wogwira mbava panalibe, kuba ndi uchifwamba zinachuluka kwambiri. Ku Montreal, m'dziko la Canada, apolisi atanyanyala ntchito kwa maola pafupifupi 16 mu 1969, mabanki anaberedwa ndipo masitolo anathyoledwa tsiku lomwelo. Katswiri wina wa ku America, Daniel Nagin, atasanthula kafukufuku wa zaka zambiri, analemba mu 2013 kuti mwayi wogwidwa ndiwo umaletsa anthu, pomwe kuwonjezera zaka pa chilango chimene n'chachitali kale sikusintha zambiri. Akuba magalimoto nawonso anatiphunzitsa kanthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 dziko la West Germany linalamula kuti magalimoto onse, atsopano ndi akale omwe, akhale ndi loko wa chiwongolero, ndipo kuba magalimoto kunatsika kwambiri popanda kuwonjezera ndende. Ife timati masiku a mbava ndi 40. Vuto n'lakuti mbava iliyonse imaganiza kuti lero ndi tsiku lachitatu.

Pamene mfundoyi imatsimphina ndi pa chithunzi chake cha munthu. Imamuona ngati wamalonda wokhala pansi ndi kope n'kumawerengera phindu. Richard Wright ndi Scott Decker anacheza ndi anthu 105 othyola nyumba mumzinda wa St. Louis ku America, amene sanali m'ndende pa nthawiyo, n'kutulutsa zimene anapeza mu 1994. Ambiri ankafuna ndalama za lero lomwe, ndipo ankachita kuwathamangitsa dala maganizo a ndende pamene akulowa pawindo. Nanga woledzera, wamisala, mwana, kapena wanjala amawerengera bwanji? A ku France anayesa kutsatira Beccaria ndendende m'malamulo awo a 1791, mlandu uliwonse chilango chake chimodzi, woweruza osaloledwa kuchotsa kapena kuwonjezera. Sizinayende. Mu 1810 anapatsa oweruza malire a pansi ndi a pamwamba, ndipo mu 1832 anatsegula khomo loganizira zifukwa zochepetsera chilango. Malamulo athu nawonso anadutsa njira yomweyo. Mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu, ndipo mu 2007 Khoti Lalikulu, pa mlandu wa Kafantayeni, linagamula kuti n'kusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko kukakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, osamva kaye za munthuyo. Ndiye funso linatsala: ngati tonse timasankha, n'chifukwa chiyani ena amasankha kuba mobwerezabwereza pamene anzawo a njala yofanana sakuba?

Apa ndi pamene analowera Lombroso, dokotala wobadwira ku Verona mu 1835. Monga ankasimbira mwiniwake, tsiku lina cha mu 1870 ankaunika chigaza cha munthu wina wa ku Calabria, kummwera kwa Italy, dzina lake Giuseppe Villella. Kunkhongo kwa chigazacho, mkati, anapezako kadzenje kamene anati kamapezeka mwa nyama zina. Basi, mutu unamuyaka. Anati wapeza chinsinsi: chigawenga ndi munthu amene thupi lake labwerera m'mbuyo kwa makolo akalekale amene anali asanatukuke. Mu 1876 anatulutsa buku lake, L'uomo delinquente, lodzaza ndi miyezo ya akaidi. Zizindikiro zake zinali nsagwada zazikulu, chipumi chopendekera kumbuyo, makutu otambalala, mikono yaitali, kusamva kupweteka, ngakhalenso kudzilemba pakhungu. Mwa muyezo umenewo, agogo athu onse a mphini kumaso akanakhala zigawenga. Ndipo si nthabwala chabe, chifukwa Lombroso ankafanizira poyera anthu opalamula ndi anthu akuda komanso mitundu ina imene Azungu a nthawiyo ankaitcha yosatukuka. Mnzake Enrico Ferri ndiye anapereka dzina limene linamamatira, lakuti chigawenga chobadwa nacho. Achibale anu akamati ndi magazi, akunena zomwezi m'Chichewa.

Villella ameneyu, amene chigaza chake chinanyamula chiphunzitso chonsechi, sanali mfumu ya zigawenga. Ofufuza a m'zaka zathu zino atatsegula mabuku akale a khoti anapeza kuti anali mlimi waganyu wa m'mudzi wa Motta Santa Lucia, womangidwa chifukwa chakuba tchizi, buledi ndi ana a mbuzi awiri. Anamwalira mu 1864 ku Pavia, kutali ndi kwawo. Kadzenje kaja kamapezekanso m'zigaza za anthu amene sanabepo ndi singano yomwe. Chigazacho chikadali m'nyumba yosungiramo zakale ya Lombroso ku Turin. A kumudzi kwawo anapita kukhoti kuti chibwerere akachiike m'manda, koma mu 2019 khoti lalikulu la Italy linagamula kuti chikhale komweko.

Amene anagwetsa zizindikirozi anali dokotala wa ndende wa ku England, Charles Goring. Iye anachita chimene Lombroso sanachite mokwanira, ndicho kuyezanso anthu osamangidwa. Anatenga miyezo ya akaidi pafupifupi 3,000 n'kuiyerekeza ndi ya asilikali, odwala m'zipatala ndi ophunzira a ku Oxford ndi Cambridge. Mu 1913 anatulutsa zotsatira: nkhope kapena mutu wa chigawenga kulibe. Akaidi anali ofupikirapo ndi opepukirapo pang'ono, zimene sizodabwitsa kwa anthu okulira mu umphawi.

Ine ndikamaphunzitsa mutu umenewu ndimayamba ndi kamasewera. Ndimaonetsa ophunzira zithunzi za nkhope zingapo n'kuwauza kuti aloze mbava. Zala zimathamangira kwa wa chipsera patsaya, wa maso ofiira, wa tsitsi losapesa. Wa taye palibe amamuloza. Ndikawakumbutsa kuti amene anamangidwa pa Cashgate ya 2013 ankalowa mu ofesi atavala masuti, m'kalasi mumagwa kaseko kamanyazi. Cholakwa cha Lombroso chinali chomwechi. Ankayeza okhawo amene agwidwa, ndipo ogwidwa nthawi zambiri ndi amphawi. Pamsika munthu akakuwa kuti wakuba, amene gulu limayamba kumugwira malaya ndi uja wooneka ngati wakuba, ndipo ena awotchedwa motero.

Maganizo akuti umbava ndi wa kumtundu akalowa m'manja mwa boma amavulaza anthu ochuluka zedi. Angelezi sanadikire n'komwe buku la Lombroso. Mu 1871 anakhazikitsa ku India lamulo lotcha mitundu yathunthu ya anthu kuti ndi ya zigawenga, mwana wobadwa lero kulembedwa kale m'kaundula wa apolisi, ndipo mitundu imeneyi inachotsedwa m'kaundulamo mu 1952 dzikolo litalandira kale ufulu. Ku America, Khoti Lalikulu linavomereza mu 1927, pa mlandu wa mtsikana wina dzina lake Carrie Buck, kuti boma likhoza kutseka munthu kuti asabereke likamuona ngati wa mbewu yoipa. Anthu oposa 60,000 anatsekedwa m'dzikolo. Ku Germany ya Hitler, kuyambira ndi lamulo la 1933, anatseka pafupifupi 400,000. Komabe sindimutaya Lombroso yense. Iye ndiye anakakamiza akatswiri kusiya kungoyang'ana mlandu n'kuyamba kuyang'ana munthu amene waupalamula, ndi kuyeza m'malo mongokangana. Kungoti miyezo yomweyo ndi imene inadzamugwetsa.

Nkhani ya magazi sinafe naye. Inangosintha malaya. Mu 1965 Patricia Jacobs anapeza kuti mwa amuna 197 osungidwa pachipatala cha ndende cha Carstairs ku Scotland, 7 anali ndi kachingwe kachimuna kowonjezera m'maselo awo, kamene akatswiri amakalemba kuti XYY. Nyuzi zinafuula kuti mbewu ya ukali yapezeka. Kafukufuku wamkulu wa ku Denmark wa 1976 anasonyeza kuti amuna oterewa sali achiwawa kuposa anzawo, ndipo ambiri amakhala moyo wawo wonse osadziwa n'komwe kuti ali nako.

Kafukufuku amene akukhudza funso lanu mwachindunji anachitikanso ku Denmark komweko, dziko losunga kaundula mosamala kwambiri. Sarnoff Mednick ndi anzake analondola ana 14,427 amene anatengedwa ali aang'ono pakati pa 1924 ndi 1947 n'kuleredwa ndi mabanja osakhala achibale awo. Apa magazi ndi kaleredwe zinalekanitsidwa, wobereka wina, wolera wina. Zotsatira zinatuluka mu 1984. Mwa anyamata amene makolo owabereka ndi owalera omwe analibe mlandu, 13.5 mwa 100 alionse anadzapezeka olakwa kukhoti. Pamene wa mlandu anali wolera yekha, anali 14.7. Pamene wa mlandu anali wobereka yekha, anali 20. Pamene mbali zonse ziwiri zinali ndi milandu, anafika 24.5. Sindikubisirani, achibale anu ali ndi kachidutswa ka zoona, ndipo kugwirizanaku kunaoneka makamaka pa milandu yakuba, osati yachiwawa. Koma werengani manambalawo chotembenuza. Mwa anyamata 100 obadwa kwa kholo la mlandu n'kuleredwa m'banja lopanda mlandu, 80 sanapezeke olakwa pa chilichonse. Mwana wanuyo ali m'gulu limenelo. Akanakhala mbewu ya chimanga imene njere 80 mwa 100 zimamera bwino, palibe mlimi akanaitaya kudzala.

Nanga chimene chimadutsa kuchokera kwa kholo n'chiyani? Si kuba. Palibe kachidutswa ka thupi kodziwa kuti K10,000 iyi ndi ya amayi aakulu. Chimene mwana angatengere ndi mtima, monga kupupuluma, kupsa mtima msanga, kukonda zoopsa, kulephera kudikira. Mtima womwewo umapanga mbava, umapanganso wosewera mpira wolimba chiwindi kapena wamalonda wosaopa kuyamba geni yatsopano. Palinso china chimene chimayenda m'banja popanda magazi, ndicho diso la anthu. David Farrington ndi anzake analondola anyamata 411 a kummwera kwa London kwa zaka makumimakumi, ndipo anapeza kuti mabanja ochepa kwambiri, osakwana 6 mwa 100, ndiwo anali ndi pafupifupi theka la milandu yonse. Pakati pa zifukwa zimene anatchula panali umphawi, kaleredwe, komanso chakuti apolisi ndi makhoti amafulumira kugwira mwana wa banja limene akulidziwa kale. Kwathu kuno n'chimodzimodzi. Nkhuku ikasowa pamudzi, amayamba kufunsa kunyumba kwa mwana wa uje. Ndipo ndimadabwa nafe a chikamwini. Mwana akakhoza mayeso timati ndi wa mbumba yathu, akaba timati make mbuu mwana mbuu n'kuloza kwa bambo ake.

Tsopano gwirizitsani amuna anu ndi achibale anu pa tebulo limodzi, chifukwa kafukufuku wotsatirayu akuyankha onse awiri. Mumzinda wa Dunedin ku New Zealand, akatswiri akhala akulondola ana 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973. Mu 2002 Avshalom Caspi ndi Terrie Moffitt anaunika anyamata a m'gululi pa jini ina yotchedwa MAOA. Ndikati majini sindikunena a asing'anga aja, ndikunena timalangizo ta m'maselo timene timatengera kwa makolo. Pafupifupi mnyamata mmodzi mwa atatu anali ndi mtundu wofooka wa jiniyi, umene ena ankauganizira kuti umabweretsa ukali. Anapeza kuti amene anali ndi mtundu wofookawo koma analeredwa bwino sanali ovuta kuposa anzawo. Amene anali nawo n'kuzunzidwanso ali ana anali 12 okha mwa 100, koma anapalamula 44 mwa milandu 100 yachiwawa imene khoti linagamula m'gulu lonselo. Kafukufuku wa pambuyo pake sanagwirizane onse pa mphamvu ya jini imodzi imeneyi, ndipo lero akatswiri amati khalidwe limakhudzidwa ndi majini ambirimbiri, iliyonse pang'onong'ono. Koma mbali ya kuzunzidwayo yakhala ikutsimikizika mobwerezabwereza.

Onani zimene a ku Dunedin ankawerengera ngati kuzunzidwa. Panali kukanidwa ndi mayi, panali chilango chankhanza, ndipo panalinso kusinthidwasinthidwa omulera. Mayi, mankhwala awiri amene mwapatsidwa ali pa mndandanda womwewo. Ngati mwanayu anatengeradi mtima wopupuluma wa bambo ake, mkwapulo wonjenjemeretsa ndi ulendo wa kumudzi ndizo zingaukolezere. Wataya mayi, bambo anasowa, kwanu ndi khomo lachiwiri. Kwa agogo likhala lachitatu, ndipo adzapitako akudziwa bwino chifukwa chake.

Chinanso n'chakuti za m'thupi si zonse zochokera kwa makolo. Pachilumba cha Mauritius, Adrian Raine ndi anzake analondola ana 1,795 kuyambira ali ndi zaka zitatu. Amene anali ndi zizindikiro za kunyentchera pa msinkhuwo anadzakhala ovutirapo pa khalidwe pa zaka 8, 11 ndi 17. Kagulu ka ana 83 kanapatsidwa chakudya chabwino, maphunziro ndi masewera kwa zaka ziwiri, ndipo pofika zaka 23 anali ndi zopalamula zochepa poyerekeza ndi anzawo. Mtovu umene unkathiridwa mu petulo, mowa umene mayi amamwa ali woyembekezera, ndi kuvulala m'mutu, zonsezi zimatha kuwononga mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imagwira munthu dzanja asanachite chopusa. Mbali imeneyi imakhwima mochedwa, cha m'zaka za m'ma 20. N'chifukwa chake pafupifupi kulikonse kumene anthu awerengera, kupalamula kumakwera paunyamata n'kutsika munthu akamakula. Moffitt yemwe uja analemba mu 1993 kuti achinyamata opalamula ali mitundu iwiri. Ambiri amayamba pa msinkhu wa mwana wanuwu n'kudzasiya okha. Ochepa kwambiri amayamba ali aang'ono zedi n'kupitiriza moyo wonse. Kusolola kawiri pa zaka 13, patangopita nthawi chimwalirire mayi ake, sikukwanira kumuika m'gulu lachiwirilo.

Musamve ngati ndikuti mumulekerere. Wakuba, ndipo ayenera kudziwa kuti mwadziwa. Apa Beccaria ndi wanu. Mugwirizane ndi amuna anu chilango chimene nonse awiri mungathe kuchipereka nthawi iliyonse popanda wina kubisira mnzake, ndipo mwanayu achidziwe chisanafike. Pa ndalama zimenezi, abweze. Azikuthandizani pa geni Loweruka lililonse, mumuwerengere ganyu, mulembe m'kope iye akuona, mpaka K10,000 ithe. Amuna anu akhale osunga kopelo, kuti ukali wawo upeze ntchito. Ngongole ikatha, nkhani yatha, isamatulukenso pa nsima. Kachikwama kaja kapezereni loko kapena ndalamazo muziziika pafoni, ndipo muziwerenga madzulo alionse iye akudziwa kuti mumawerenga. Achibale muwapemphe mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo kuti mawu akuti magazi a bambo ake asamveke pomwe pali mwanayu. Mwana wouzidwa tsiku ndi tsiku kuti ndi mbava amasiya kuona chimene angataye akaba.

Zimene zingandichititse kukuuzani kuti muthamangire kuchipatala kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha ana m'boma lanu ndi izi: ngati amazunza ziweto kapena ana aang'ono mosamva chisoni, amayatsa zinthu dala, wayamba chamba kapena mowa, kapena khalidwe lake linasintha mwadzidzidzi atavulala m'mutu kapena atadwala malungo a muubongo.

Funso limodzi simunalitchule m'kalata yanu, ndipo ndikuganiza kuti m'nyumbamo palibe walifunsa: ndalamazo anapita nazo kuti? Mwana wogula mandasi pa bureki chifukwa amachoka m'mawa osadya, wobweza ngongole kwa anyamata akuluakulu omuopseza, wobetcha mpira pafoni ya mnzake, ndi wosunga ndalama zoti akafunefune bambo ake, onsewa atenga K10,000 yofanana koma aliyense akufunika chithandizo chake. Mukamufunse muli awiriwiri, amuna anu ndi achibale kulibe. Musamukhazike pampando moyang'anizana naye ngati kupolisi. Dikirani nthawi imene mukusankha tomato, manja a nonse ali m'dengu, ndipo mukafunsa mukhale chete ndithu mpaka ayankhe yekha.